Rauta ya Ababa Aliyu

Tasnim anafika pageti amuna akuchokera kumanda.

Anawaonera patali akutsika msewu wa ku Kapata awiriawiri, zisoti zoyera kumutu, dothi lofiira kumapazi ndi m'mphepete mwa mikanjo. Anayi mwa iwo anasenza jeneza yonyamulira maliro, ndipo mmene ankayendera zinkaoneka kuti yapepuka. Tasnim anangoima ndi chikwama m'manja, fumbi la basi ya ku Lusaka likadali kumaso.

Uthenga unamupeza m'bandakucha, ndipo sunachokere kwa abale ake. Anamuimbira ndi mayi Ketilina, oyandikana nawo nyumba, amene anamulerako ali khanda. "Bambo ako atisiya, mwanawe. Thamanga." Anakwera basi ya sikisi awazi. Pa mlatho wa Luangwa anaimbira mchimwene wake Mohamed kumupempha kuti amudikire. Mohamed anangoti, "Tiwaika ikatha swala ya masana ku mzikiti, ukudziwa mmene timachitira," n'kudula. Ku Nyimba anaimbanso. Ku Katete anaimba kanayi, foni ikungolira.

Tsopano Mohamed anali pamaso pake, maso ali psuu, zikhadabo zodzaza dothi.

"Wabwera," anatero.

"Achimwene, ola limodzi lokha. Mukanandidikira ola limodzi."

"Unali ndi zaka zinayi. Ola limodzi likanasintha chiyani?"

Anamudutsa n'kukasamba m'manja pampopi.

Zaka zinayizo aliyense mu msewu umenewo ankazidziwa. A Aliyu, bambo ake a Tasnim, anali ndi shopu ku Down Shops yogulitsa marauta, zingwe ndi machaja, komanso ankayendayenda kuika wayifayi m'nyumba za anthu, m'maloji ndi m'masukulu. Anali munthu wofatsa, wosakweza mawu, wosaphonya swala. Tsiku limene Tasnim anawauza kuti akufuna kukwatiwa ndi Gift, mphunzitsi wa ku Madzimoyo, mwana wa mkulu wa mpingo, a Aliyu anakankhira kapu ya tiyi pambali. Kenako anati, "Ukatuluka pageti ilo ndi munthu ameneyo, m'nyumba muno sudzagonamonso." Tasnim anatuluka. Miyezi yoyamba ankaimba Lachisanu lililonse, iwo osayankha. Atabadwa mwana wawo Ruth anatumiza chithunzi, ndipo foni inaonetsa kuti achiona, koma yankho silinabwere. Pamenepo nayenso anauma mtima, n'kusiya.

Mayi Ketilina anatulukira kuseri kwa mpanda, n'kumuponyera mpango kumutu asanalowe pakati pa azimayi. Pabalaza panalibe kanthu. Mipando, tebulo, TV, zonse anali atazitulutsa kuti anthu apeze pokhala, ndipo azimayi anali ndandanda pamikeka kutsamira khoma. Ena anamuyang'ana n'kuweramitsa mitu, ena ananong'onezana. Iye anapitirira mpaka kuchipinda.

Mayi ake, a Zaitun, anali pansi pamatiresi atafunda nsalu yoyera. Anali atachepa thupi moti Tasnim anaima kaye pakhomo. A Zaitun anatukula maso, n'kutambasula dzanja limodzi. Tasnim anagwada n'kuika mutu pamiyendo pawo, ndipo kulira kumene anakumeza msewu wonse kunatuluka kamodzi.

"Amayi, sindinawaone. Sindinawaone nkhope."

"Anagona bwino, mwanangu. Ngati munthu wotopa basi."

"Anadwala liti?"

"Chaka chatha chonse. Shuga, kenako impso."

"Chaka! Bwanji osandiuza?"

A Zaitun anamusisita kumsana nthawi yaitali. "Anatiletsa," anatero.

Dzuwa litapendeka Mohamed anamuitanira kuseri kwa khitchini. Analankhula motsitsa, maso ali pa zidebe zamadzi. Anati masana akhoza kukhala ndi amayi mmene angafunire, koma zogona akapemphe kwa mayi Ketilina. Ababa ananena mawu, ndipo mpaka atseka maso sanawabweze. Iye sakanatha kuwaphwanya dothi la pamanda lisanaume.

Tasnim sanatsutse. Ananyamula chikwama chake n'kuzungulira mpanda.

M'mawa mwake anayenda wapansi mpaka ku Down Shops, osadziwa kwenikweni chimene akukafuna. Shopu inali yotseka ndi maloko awiri. Anasuzumira pazenera la mawaya n'kuona mpando wa ababa wokhala ndi pilo wophwatalala, magalasi awo ali pakauntala, ndi kapanilo kakang'ono kofinyira mitu ya zingwe. Pa mpando umenewo ndi pamene ankamukhazika akaweruka ku sukulu, n'kumuphunzitsa kuyala timawaya tisanu ndi titatu m'ndondomeko ya mitundu yake tisanalowe m'mutu wa chingwe. Mohamed zala zake zinali zonenepa ndiponso sankachedwa kupsa mtima, koma Tasnim pofika zaka khumi ndi ziwiri ankamanga chingwe osayang'ana. A Aliyu ankamutenga popita kukaika marauta, ndipo eni nyumba akafunsa kuti kamtsikanaka n'kandani, iwo ankati, "Uyu ndi injiniya wanga. Ine ndimangonyamula makwerero."

Foni inalira ali pomwepo. Anali Gift.

"Ndakutumizira mauthenga kuyambira dzulo, sakufika."

"Ndazimitsa data. Anthu a kuntchito akungolemba pepani, pepani. Sindingathe kuwerenga."

"Ndibwere ndi mwana?"

"Musabwere. Pano si pabwino."

"Ruth akufunsa kuti agogo amene amwalirawo ndi ati."

Tasnim anagwira mawaya a pazenera. "Muuzeni kuti ndidzamufotokozera," anatero, n'kudula asanayambe kulira pamaso pa anthu ogula.

Tsiku lachitatu kunali sadaka yopempherera malemu. Shehe anawerenga, anthu anadya mpunga ndi nyama yambuzi, ndipo pofika fifitini awazi bwalo linali litayamba kupepuka. Achibale a ku Mangochi amene anakwanitsa kubwera ananyamuka kuti akadutse malire a Mwami kusanade. Amuna anabweza mipando pabalaza. Munali fungo la lubani ndi thukuta la anthu ambiri.

A Zaitun anatuluka kuchipinda n'kukhala pamkeka. Kuyambira tsiku la maliro anayenera kukhala edda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wamasiye sachoka pakhomo pa mwamuna wake. Tasnim anakhala pambali pawo, Mohamed pampando.

"Amayi sangakhale okha," anayamba Tasnim. "Ndapempha tchuthi kuntchito. Mwezi woyamba ndikhala nawo ine."

"Akazi anga azibwera masana," anatero Mohamed.

"Alamu ali ndi mwana wakhanda, achimwene. Nanga usiku?"

"Usiku ndizigona kuno ine."

"Inu ndi shopu, ndi banja lanu, ndi kuno? Ndiloleni ndichiteko kanthu. Ndi mayi anga nanenso."

Mohamed anaseka kuseka kosasangalatsa. "Lero ndi mayi ako. Pamene ndinkawanyamula ababa pamsana kuchoka m'galimoto kupita ku wodi, kawiri pa sabata, unali kuti? Pamene ankasanza, ine ndikupukuta? Ndagona pabenchi ya chipatala mpaka msana uwu sumawongoka. Iwe wabwera ndi kachikwama kamodzi, ukufuna ulowe ngati unangopita kumsika."

"Simunandiuze!"

"Unafunsa?"

Zinali zoona, Tasnim sanafunse. Zaka ziwiri zapitazi ankalankhula ndi amayi ake pa Idi pokha, mwachidule, ababa akakhala ku mzikiti.

"Basi," anatero a Zaitun. Sanakweze mawu. "Mwamuna wanga wagona masiku atatu okha. Mohamed, ndikufuna ndilankhule ndi akulu anga ku Mangochi. Miyendo inawakanika kubwera, akungolira okha kumeneko. Ndikufuna ndiwaone nkhope. Bwezeretsa rauta."

Rautayo anali ataizula m'mawa wa tsiku la maliro pochotsa katundu, ndipo inali m'katoni pansi pa tebulo pamodzi ndi zingwe zake. Mohamed sanaiyang'ane n'komwe. Anatuluka kupita ku galimoto n'kubwera ndi bokosi latsopano, pulasitiki isanang'ambidwe.

"Ndabweretsa iyi. Ndi yamphamvu, ifika mpaka kuchipinda kwanu. Tiika dzina latsopano ndi pasiwedi yatsopano, tiyambe bwinobwino."

"Ndati ubwezeretse imene anaika bambo ako."

"Amayi, ija theka la Kapata likuidziwa pasiwedi yake. Madzulo anthu amatsamira mpanda wathu ndi mafoni awo, inu muno kanema akungozungulira. Ndakhala ndikunena."

"Wakhala ukunena, ndipo bambo ako akhala akukana. Ibwezeretse mmene inalili."

Mohamed anaika bokosi lija patebulo mwamphamvu. Anatola makiyi n'kutuluka. Sanalize galimoto. Anamumva akukoka mpando pakhonde.

A Zaitun anatembenukira kwa mwana wawo wamkazi. "Iwe unaiwala?"

"Sindinaiwale, amayi."

Tasnim anakoka katoni ija. Rautayo sanaidziwe. Imene anaisiya iye inali yakuda, ya nyanga ziwiri, yotentha ngati mbaula. Iyi inali yoyera, ya nyanga zinayi, yolowetsa simu kumbuyo. Koma zingwe zinali zokulungidwa mmene ababa ankakulungira, mozungulira dzanja katatu n'kumanga ndi kawaya kofiira. Pakhoma, pamwamba pa kalendala, panali misomali iwiri yoikolekapo. Anakwera pampando n'kuikoleka, anaimika nyanga zake, n'kulumikiza chingwe ku kabatire kamene ababa anaika pansi pa shelefu kuti magetsi akathima wayifayi isamathime nawo.

Kanyale koyamba kanayaka kofiira, kenako kobiriwira. Kachiwiri kanaphethira kwa kanthawi. Kachitatu katangoyaka, m'thumba la siketi yake munayamba kunjenjemera.

Foni inalira kamodzi, kawiri, kenako mosalekeza, mauthenga a masiku atatu akulowa mothithikana. Anatsika pampando n'kuitulutsa, akuganiza kuti wayatsa data mwangozi. Data inali yozimitsa. Pamwamba pa galasi panali kachizindikiro ka wayifayi, kodzaza, ndipo pansi pake panalembedwa kuti: Kwa Aliyu.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Foniyo inali yakale, imene ababa anamugulira pa Idi yomaliza asanayambane. Anasinthitsa galasi kawiri ndi batire kamodzi, koma kuitaya ankakana. Ndipo iye, mwana wa m'shopu ija, ankadziwa bwino mmene zinthuzi zimayendera. Foni simadziwa rauta ndi maonekedwe ake. Imasunga dzina la netiweki ndi pasiwedi basi, ndipo ikamva dzina lomwelo imayesa pasiwedi yomwe ija. Rauta yatsopano imabwera ndi dzina lake ndi pasiwedi yake ya kufakitale. Kuti foni yake ilowe yokha mu rauta imene sinaionepo, ndiye kuti munthu anakhala pansi n'kulembamo zakale zija, chilembo ndi chilembo.

"Amayi," anatero. "Yalowa yokha. Sinandifunse pasiwedi."

"Iyi ndi yachitatu chichokere iwe," anatero a Zaitun. "Ija yakuda inapsa ndi mphezi. Inabwera ina, inatha chaka. Kenako iyi."

"Ndipo pasiwedi ikadali..."

"Chikanda2016." Anali Mohamed, ataima pakhomo. "Pasiwedi yopusa imene unaika iwe uli giredi thwelofu, ukudya chikanda pakauntala. Ababa, munthu woika netiweki m'maofesi a anthu, wouza makasitomala kuti azisintha pasiwedi miyezi itatu iliyonse, kwake osasintha zaka zonsezi."

Analowa n'kukhala pamkono wa mpando. Ukali uja unali utamuthera, anangotsala wotopa.

"Iyi ndinaika ndine, mwezi wa Epulo. Ababa anali atayamba kale kusaona bwino. Ndinaika pasiwedi yanga yabwinobwino. Atazindikira anandidzutsa pa chakudya, akuti bwezera. Ndinati ababa, chifukwa chiyani? Akuti mafoni a m'nyumba muno anazolowera. Ndinati mafoni a m'nyumba muno ndi atatu, ndiwalowetsa pompano, mphindi ziwiri. Anandiyang'ana, akuti, 'Si atatu.'" Mohamed anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Ine ndili pano tsiku ndi tsiku, ndikuwasambitsa, ndikuwamwetsa mankhwala. Iwo akuwerenga foni ya munthu amene ali ku Lusaka."

"Achimwene..."

"Sindikukunena. Ndikungokuuza mmene zinandipwetekera."

Tasnim anakhala pansi pomwe anaimapo. Akanakonda akanamva kuti ababa anamuiwala, kuti anamuchotsa mumtima n'kutseka. Zimenezo anali atazizolowera, ankadziwa kuzisenza. Koma izi zinamuthyola. Kawiri konse anabwera ku Madzimoyo kwa apongozi ake, ndipo ulendo wina anafika mpaka m'tauni kudzagula mankhwala a mwana. Anaima pa Kapata Market, n'kuyang'ana msewu wa kwawo, n'kukweranso minibasi.

"Bwanji sanangondiimbira?" analira. "Liwu limodzi lokha, amayi. Ndikanabwera wapansi."

"Bambo ako pakamwa pawo panali polemera," anatero a Zaitun. "Mawu aja atawatuluka anasowa njira yowabwezera. Ndinawauza kangati? Amangoti, 'Mwana akudziwa kwawo.' Iwenso unatengera iwo omwewo. Ine ndakhala pakati pa miyala iwiri zaka zinayi."

Panja mayi Ketilina ankasonkhanitsa mapoto amene anabwereketsa, akuitana mayina a eni ake. Mohamed anatenga bokosi la rauta yatsopano lija n'kulitembenuza m'manja.

"M'chipinda chako muli makatoni a ku shopu," anatero osamuyang'ana. "Ndiwachotsa dzuwa lisanalowe. Matiresi alimo, koma afunika kuwomba."

Anatuluka nalo bokosilo. Posakhalitsa anamumva akukoka makatoni m'khonde la m'kati.

A Zaitun anapisa dzanja pansi pa nsalu yawo n'kutulutsa foni ya amuna awo, ya chikuto chachikopa chothetheka m'makona. Anaipereka kwa Tasnim.

"Tisanaimbe ku Mangochi, nditsegulire kaja kamene kamaonetsa anthu amene ali pa wayifayi. Ine sindikadziwa."

"Mukufuna muone chiyani, amayi?"

"Tsiku lililonse akabwera ku shopu, asanavule nsapato, amakhala pampando uwo n'kutsegula kameneko. Amatsitsa ndi chala pang'onopang'ono mpaka pansi, n'kubwereranso pamwamba. Ndikafunsa amati akuona ngati pali akuba netiweki. Koma akubawo amawaona tsiku lililonse, sanachotsepo ndi mmodzi yemwe. Amangotseka, n'kunena kuti, 'Tipatseni tiyi.' Ngakhale atabwera ku chipatala, ofooka, amati ndipatseni foni ndione."

Foniyo inalibe loko. Tasnim anapeza kachizindikiro ka rauta patsamba loyamba penipeni, n'kutsegula. Mndandanda unatuluka. Panali mafoni achilendo anayi a manambala okhaokha, a anthu a kuseri kwa mpanda amene anali atalowa kale. Ena onse ababa anali atawapatsa mayina ndi dzanja lawo. Panali Aliyu. Panali Amake ana. Panali Mohamed. Pansi penipeni panali foni imene inalowa mphindi khumi zapitazo, ndi dzina limene inabwera nalo yokha kuchokera tsiku limene ababa anaigula: Tasnim.

A Zaitun sankadziwa kuwerenga bwino zilembo zazing'ono. Anayandikitsa foniyo kumaso, n'kutsitsa ndi chala pang'onopang'ono mpaka pansi.

"Ndi ili?" anafunsa.

"Ndi limenelo, amayi."

A Zaitun anagwedeza mutu. Kenako anadzuka movutikira, atagwira khoma, n'kukaika foniyo pampando wa amuna awo, galasi likuyang'ana kumwamba, likadali loyaka.